Nyali ya M'botolo ya Chibakera

Dzina loti Chibakera sanachite kulitola pansi. Zaka makumi awiri wakhala pakhomo la bala akutulutsa zidakwa, ndipo pankhonya yake yakumanja pali zipsera zitatu za mano a anthu. Ankazionetsa monyadira. Choipa n'chakuti akaweruka, manja aja sankawasiya kuntchito. Tsiku lina anathyola mkono wa mkazi wake ndi mwendo wa mpando, mwana wawo wamkazi akuonerera ali pansi pa tebulo. Mayi ndi mwana anachoka kutacha, ndipo mayiyo anamwalira osapondanso pakhomopo.

Mwana uja anakula, nayenso n'kubereka kamtsikana. Ndiye anatumiza uthenga woti adzabwera pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka, kuti kamtsikanako kaone agogo ake. "Koma ndikangoona zakale zija, bambo, simudzationanso."

Chibakera anasesa chipinda chake, anachapa katani, koma chinkaonekabe ngati selo ya kupolisi. Amene anamupatsa nzeru ndi wokonza mawailesi, bambo woonda wa khomo loyandikana: akongoletse ndi nyali ya m'botolo yoyendera dzuwa, ana amaikonda. Anamupatsa kasola kofanana ndi bokosi la machesi, kabatire, ndi chingwe cha timababu.

Masiku atatu chimunthu chija chinalimbana nazo. Anatsuka botolo la jamu, anapala pepala lake ndi mpeni, anaboola chivindikiro ndi msomali, n'kumata kasola pamwamba pake. Timawaya tinkamupulumuka, poti zala zake zinali ngati mipini. Kawiri konse anadziwotcha polumikiza. Kunena zoona ankamvetsa chisoni, chifukwa aka kanali koyamba kuti manja amenewo apange kanthu m'malo moswa.

Tsiku lofika alendo anaika botolo pampanda, padzuwa, kuyambira m'mawa. Masana anakanikiza kaswitchi. Zii. Analigwedeza. Zii. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma Chibakera nkhonoyo akanayamba waiponda. Anasiya botolo pomwepo n'kupita pakhonde la wokonza mawailesi uja.

"Iwe, wandipatsa zakufa kuti ndichite manyazi pamaso pa mwana wanga?"

"Ayi achimwene, dikirani, imeneyo simayaka nga..."

Nkhonya inamudula mawu pakamwa. Mutu unakagunda pashelefu, mawailesi a eni ake n'kugwa motsatizana. Chibakera anamudzutsa ndi kolala, kumumenyanso, kumuponya pansi, kumuponda m'nthiti kawiri. Dzino linagudubuzika n'kukaima pakati pa timasikuluwu. Anthu anatuluka m'zipinda, koma panalibe woleretsa, onse ankamudziwa. Munthu amene anamupatsa zinthu mwaulere anali atadzipinda pansi, akubisa nkhope ndi manja.

Atakweza mwendo kachitatu ndi pamene anaona pageti. Mwana wake anali ataima pamenepo, chikwama paphewa, dzanja lina litaphimba maso a kamtsikana kovala diresi yatsopano. Sanakalipe, sanalire. Anayang'ana munthu ali pansiyo, n'kuyang'ana bambo ake.

"Tiye," anauza kamtsikanako. "Basi ija sinanyamuke."

Chibakera anatsitsa mwendo uja. Mkwiyo wonse unatembenukira kwa botolo lija. Analitsomphola pampanda kuti alimenyetse pansi, chidzanja chake chamagazi chitaphimba chivindikiro chonse.

Botolo linayaka. Timababu tonse, osatsala n'kamodzi komwe.

Anachotsa dzanja, botolo linazima. Anaphimbanso, linayaka.

"Ndimafuna ndikuuzeni zimenezo," anatero wokonza mawailesi, akulavula magazi. "Kasolako kakaona dzuwa, nyali simayaka. Imadikira mdima. Munalumikiza bwinobwino, achimwene."

Chibakera anatembenuka, botolo likuwala m'dzanja mwake, kuti amuonetse mdzukulu wake. Pageti panalibe munthu.