Khansala ndi Mbuzi ya Apongozi

Khansala wathu kuno ku Domasi amavala jekete ngakhale dzuwa likusungunula phula. Ngalande, milatho, zimbudzi za pamsika, zonse amati "n'za khonsolo." Mukawapatsa moni amayankha ngati akutsegulira msonkhano, ndipo akuti nkhuku zawo siziikira mazira popanda chilolezo.

Chaka chatha anamenyera lamulo lakuti mbuzi iliyonse yopezeka ikudya tomato pamsika igwidwe. Yoyamba kugwidwa inali ya apongozi awo aakazi. Tsono bambowa ndi mkamwini. Nyumba, munda, ngakhale mthunzi wa mango umene amachitirapo misonkhano, zonse n'za mayiwo.

Madzulo apongozi anaima pakhomo, nkhope atayang'anitsa kumbali mwaulemu, n'kuitana mwana wawo.

"Iwe Jenifer, tawafunsa a khansala ngati khonsoloyo ilinso ndi malo ogona."

Akuluwo anangopalasa njinga mpaka kumsika. Lamulo sanaliphwanye ayi, anangouza mlonda kuti mbuziyo ikusamutsidwira kundende ina. Mpaka lero ikugwira ukaidi kuseri kwa nyumba ya apongozi, yanenepa ngati ng'ombe, ndipo woiperekera madeya m'mawa uliwonse ndi khansala yemweyo.