Ng'oma ya Makolo ndi Bedi la Pahotelo

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri ndikudziguguda pachifuwa pamsika wa Lirangwe kuti palibe munthu angandigonjetse pa kunenerera. Ndinkagulitsa nzimbe m'mphepete mwa msewu, ndipo makondakitala a minibasi ankati pakamwa panga ndi lumo. Ine ndinkayesa akundiyamikira.

Kwathu kunali ng'oma ya tchopa imene makolo a mayi anga anaisenza kuchokera ku Mozambiki kalekale. Inali yakuda ndi utsi, chikumba chake chosalala pakati pomwe manja ankagunda. Amalume, omwe anali mlonda ku Chileka, anamva kuti hotelo ina yakale ya mumzinda wa Blantyre ikusaka zinthu zamakolo zoti alendo aziona. Anabwera Loweruka m'mawa n'kuitsitsa kudenga osafunsa munthu.

"Achimwene, mukupita nayo kuti?" anafunsa mayi.

"Kumene ikadyetse anthu. Pano ikungomwa utsi."

"Pa maliro a bambo inalira imeneyo."

"Ndiye yalira mokwanira, achemwali. Mwini mbumba ndine."

Mayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe, zala zawo zitalowa m'mkono mwanga. "Iwe amati umatha kunenerera. Pita nawo. Ukatchule mtengo woti azunguwo athawe, ng'oma ibwerere pakhomo pano." Ndinawauza kuti imeneyo ndi ntchito yaing'ono.

Hoteloyo inali ndi khonde lalitali la zipilala zoyera, pansi pa matabwa ponunkhira polishi. Mlonda wa pachipata anationa mapazi n'kutilozera khomo lakuseri, kodutsira nkhuni. Amalume anamuvulira chipewa, mlonda mnzawo.

Mzungu sanabwere. Anabwera a Jafali, abwana a pahotelopo, ovala tayi, koma Chichewa chawo chinali cha ku Mdeka. Ng'oma sanaiyang'ane, ankayang'ana khoma, ndipo ndinadziwa kuti ameneyu anakulira pamsika.

"Chikumba chatha ichi," anatero.

"Kuthako ndi kumene mukugula, bwana. Zatsopano zili mbwee pamsewu."

Anatchula mtengo, ndinakana. Anakweza, ndinakananso. Anakwezanso, ndinapukusa mutu, amalume akunditsina m'nthiti. Kenako ndinanyamula ng'oma n'kuyamba kutuluka.

"Tabwera, mphwanga!" anaitana a Jafali.

Apa ndi pomwe ndikanangopitirira mpaka kokwerera minibasi. Koma wogulitsa aliyense akudziwa kukoma kwa kuitanidwa utatembenuka kale, nanji ndi munthu wa tayi. Ndinabwerera kuti ndimumalize ndi chinthu chosatheka.

"Kuwonjezera pa zimene mwanenazo, ine ndi amalume tigone m'chipinda cham'mwamba, tilowere khomo lakutsogolo, mawa tidye ndi foloko pamodzi ndi alendo anu."

Ndinkadikira kuti atipirikitse. Iwo anangotambasula dzanja. "Zatheka."

"Ayi, ine ndimati..."

"Kwanu ku Lirangwe, wogulitsa akatchula yekha, wogula n'kuvomera, amabweza mawu?"

Sabweza. Lamulo limenelo ndinkalidziwa bwino, ndi lomwe ndinkakolera nalo makondakitala.

Tinagonadi. Bedi linali lofewa ngati thonje, madzi otentha akutuluka m'khoma. Amalume anasamba mpaka zala zinachita makwinya. M'mawa tili pa tebulo ndinaiona ng'oma yathu atayiika kale pakachitsa, atazunguliza chingwe chofiira. Mnyamata woonetsa alendo ankawauza kuti ndi ng'oma ya nkhondo ya Angoni.

"Ndi ya Alomwe iyo!" ndinakuwa, amalume n'kundiponda phazi pansi pa tebulo. Alendo anandijambula. Soseji ndinamaliza, sindinama.

Titafika kumudzi mayi anayang'ana manja anga opanda kanthu. Sanatenge ndodo, ngakhale ndinkalakalaka akanaitenga.

"Mwagona bwanji, abwana?" anatero, n'kundiyalira mphasa ngati mlendo.

Anandiitana abwana mpaka tsiku la imfa yawo. Amalume anakhoma malata panyumba yawo, koma mayi sanalowemo, ngakhale mvula iwapeze pakhomo pomwepo.

Lero ndimagulitsa ziboliboli pafupi ndi bwalo la ndege ku Chileka, ndipo ndinazindikira kuti wonenerera sagwa ndi nzeru za wogula, amagwa ndi kukoma kwa mawu ake omwe. Chaka chatha ndinapita kuhotelo kuja kukaiona ng'oma ija. Ikadalipo, m'bokosi lagalasi, yopanda banga, ndipo palibe amene anaigundapo kuyambira tsiku lija. Ng'oma zinzake za m'mudzi mwathu zinang'ambikira pabwalo, anthu akuvina.

Ndiye inu awerengi mundiweruzire, poti ine pakamwa panga ndinasiya kupakhulupirira: pakati pa a Jafali, amalume ndi malata awo, ndi ine amene ndinalandira zonse zimene ndinapempha, anapambana ndani?