Egisto, Munthu Amene Anataya Chingwe

M'mawa uliwonse, dzuwa lisanafike pamwamba pa phiri, Egisto Vatteroni ankaima pamalo pamene makapitawo ankasankhira anthu a ntchito, ndipo m'mawa uliwonse ankatsala yekha. Makapitawo ankatenga ngakhale nkhalamba zotsokomola, iye ali chiimire, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zitatu wa mapewa odzaza khomo.

Chifukwa chake aliyense ankachidziwa. Kwathu ku Carrara, ku Italiya, mwala woyera wosemera zifanizo umene timakumba sutsika wokha m'phiri. Masiku amenewo ankaumangirira pa chileyi cha mitengo n'kumautsitsa pang'onopang'ono pa mitanda yopaka sopo. Kumtunda, amuna atatu ankagwira zingwe zokulunga pa zichiri, akauzidwa n'kulekerera pang'ono, akauzidwanso n'kugwira. Kapitawo ankayenda kutsogolo, kumunsi kwa mwalawo, akufuula. Moyo wake unali m'manja mwa ogwira zingwe.

Tsiku lina Egisto analekerera asanauzidwe. Adzukulu ake amakonda kunena kuti chingwe chinali chowola, koma ine sindikunamizani: anatopa, maganizo anapita kwina, manja anamasuka. Mwala unatsetsereka mikono iwiri yokha, n'kupeza mwendo wa kapitawo wake, Amilcare. Amilcare ameneyu ndi amene anamutola ali mwana wamasiye, n'kumulera ndi kumuphunzitsa ntchito. Lipenga la ngozi linalira, phiri lonse linasiya ntchito. Amilcare anapulumuka, koma mwendo unapola wopindika, ndipo kutsogolo kwa mwala sanayendekonso.

Egisto anapita kukapepesa. Anamutsegulira chitseko ndi Argia, mkazi wa Amilcare.

"Mayi, ndiwaoneko pang'ono chabe."

"Akuti madzi akatayika sawoleka," anatero Argia, osamuyang'ana kumaso. "Ndakuphikira zaka khumi, mwanawe. Lero mbale yako ndilibe. Pita."

Kuyambira pamenepo anthu anamutcha Mataya. Palibe kapitawo amene akanayenda pansi pa mwala wogwiridwa ndi Mataya, ndipo kunena zoona, inenso sindikanayenda.

Patatha miyezi itatu akuima pachabe, Egisto anatsikira kudoko n'kupeza ntchito yokoka ndi kumanga zingwe za ngalawa zonyamula miyala. Kwa munthu wa m'phiri, imeneyo ndi ntchito yamanyazi. Anaigwira zaka zisanu ndi ziwiri. Vinyo anasiya. Analumbira mumtima kuti chimene manja ake agwira sadzachitayanso, ndipo lumbiro limeneli analisunga mopitirira muyeso. Akagwira chingwe, ankayenera kuuzidwa kawiri kuti asiye. Anzake ankati ukafuna kupatsana moni ndi Egisto, uyambe watsanzikana ndi dzanja lako.

Nthawi imeneyo, zaka zoposa zana zapitazo, masewera a mayiko anali chinthu chachilendo. Kwathu munthu wothamanga popanda chomuthamangitsa ankamuyesa wozungulira mutu. Choncho bwana wina wa tayi atabwera kuchokera ku Roma n'kunena kuti Italiya ikufuna amuna asanu ndi atatu okakokana chingwe ndi mayiko ena, anthu anayamba aseka kaye. Atamaliza kuseka anaona kuti nkhani ya chingwe ndi yathu, ndipo amuna asanu ndi awiri anapezeka tsiku lomwelo. Wowafuulira malangizo anasankhidwa Amilcare, pakuti mwendo unapita koma mawu anali akumvekabe kutsidya kwa chigwa.

Anasowa munthu wa kumapeto, amene amadzikulunga chingwe paphewa ndi m'chiuno, amene akaterereka onse apita. Anayesa anthu pa msewu wotsetsereka wa kuseri kwa tchalitchi. Aliyense ankagwira ngolo yodzaza miyala kuti isatsike. Wosula zitsulo anagwira pang'ono n'kukhala pansi. Wopha nkhumba anakokedwa mpaka pakhomo la ansembe. Kenako panatulukira Egisto, m'zovala zake za kudoko zonunkha phula, n'kutola chingwe osapempha chilolezo.

Anagwira. Ngolo sinasunthe. Anthu anasiya kunong'ona, ena anakhala pansi, iye chigwirire, mitsempha ya m'khosi itatupa.

"Basi," anatero Amilcare. Egisto sanasiye. "Ndati basi."

Oreste, mmodzi mwa asanu ndi awiri aja, wa pakamwa posatseka, anafika pafupi. "A kapitawo, zoona? Mataya? Akatitaye pamaso pa mayiko onse?"

"Sindinati ndi m'bale wanga," anayankha Amilcare. "Ndati ali ndi manja. Muuze kuti sitima ndi Lolemba."

Ndi mmene zinakhalira ulendo wonse. Amilcare sankalankhula ndi Egisto. Ankati, "Oreste, muuze uyo asunthe thumba lake," Egisto ali pomwepo, maondo akugundana. Zinkamuwawa kwambiri kuposa dzina la Mataya. Mendulo iye analibe nayo ntchito. Chimene ankafuna n'chakuti munthu amene anamulera adzamukhulupirirenso.

Anayenda masiku atatu pa mabenchi a matabwa. Akatswiri a malupanga ndi a njinga, ana a mabwana a ku Milano ndi ku Torino, anali m'chipinda cha mipando yofewa, ndipo tsiku loyamba ankatseka mphuno akamadutsa pamene anthu athu ankadya buledi ndi mafuta a nkhumba okoleza mchere. Tsiku lachiwiri chakudya cha m'sitima chitawagwira m'mimba, anabwera mmodzimmodzi kudzafunsa ngati katsalako.

"Khalani pansi, madona," anatero Oreste akuwadulira. "Koma musadetse magolovesi."

Pofika ku mzinda wa kumpoto kumene kunkachitikira masewerawo anali atasanduka gulu limodzi. Analowa m'bwalo pambuyo pa mbendera yathu, mvula ikuwaza, jekete za ena zikukana kumangika pachifuwa. Egisto, amene kwawo sankapatsidwa moni, anamva anthu masauzande akuwomba m'manja. Anayang'ana pansi.

Anawaika kuti akokane ndi eni dziko, apolisi okhaokha, aatali ndi onenepa, ozolowera masewerawo. Wopambana kawiri pa maulendo atatu ndiye ankapita ku ndime yomaliza. Pakati pa chingwe panali kansalu kofiira, ndipo kakadutsa mzere wa mbali ya anzanu, mwagonja. Mphindi zisanu zikatha, ankangoona kumene kansaluko kapendekera.

"Aone mimba zawo," anatero Oreste. "Awa amadya akaidi."

"Mwamuna mnzako ndi pachulu," anatero Amilcare. "Tseka pakamwa ugwire chingwe."

Ulendo woyamba anthu athu anachita chinthu chimene mpaka lero timaseka nacho. Munthu wa m'phiri sakoka mwala. Akamva kulemera, manja ake amadziwa chinthu chimodzi: kulekerera pang'onopang'ono kuti katundu afike bwino. Apolisi aja atangokoka, amuna asanu ndi awiri anayamba kupereka chingwe mwaulemu, dzanja ndi dzanja, mosamala ngati akutsitsa chifanizo cha Mayi Maria. Amilcare anafuula mpaka mawu kusasa, koma chizolowezi cha zaka makumi awiri sichimva. Egisto yekha ndi amene anakana, ndipo anakokedwa chogona, zidendene zikulima matope.

"Koma tawatsitsa bwino," anatero Oreste akupukuta nkhope. "Palibe waphwanyika."

Pa gulu lathu palibe amene anaseka. Anthu a m'bwalo ndi amene ankaseka, ndipo anyamata a malupanga aja anabisa nkhope m'zipewa.

Ulendo wachiwiri Amilcare anati asakoke ndipo asapereke, angogwira. Zimenezo ndiye ankazidziwa. Anazika mapazi n'kuuma. Apolisi anakoka, anakuwa, anafiira, chingwe chili njo. Chakumapeto atayamba kupuma mwawefuwefu, Egisto anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, ndipo wezulo italira kansalu kanali mbali yathu ndi chikhatho chimodzi.

Koma eni dziko sanali opusa. Amilcare anaona mtsogoleri wawo akuwauza ndi manja kuti nawonso angogona pa chingwe n'kulola kulemera kwawo kugwire ntchito. Pa kulemera anatiposa kutali, ndipo zikhatho za anthu athu zinali zitang'ambika kale.

Anawasonkhanitsa. "Akagona pa chingwe ndi thupi lonse, ndidzati lekani. Mudzapite kutsogolo mapazi awiri, msangamsanga. Adzakhala pansi okha. Ndikati gwira, wa kumapeto aime ngati chichiri. Mapazi awiri. Phazi lachitatu, kansalu kadutsa mzere, tizipita kwathu."

Onse anatembenukira kwa Egisto. Nkhope yake inali itayera ngati fumbi la m'phiri.

"Oreste, uwauze kuti sindingathe," anatero. "Andiuze ndigwire mpaka mawa, ndigwira. Koma kulekerera ayi. Ndinalumbira."

Oreste anatsegula pakamwa, koma Amilcare anamukankha ndi ndodo yake yoyendera n'kuima pamaso pa Egisto.

"Iwe, ndiyang'ane. Ndikulankhula ndi iwe. Zaka zonsezi ukuganiza kuti unalakwa chifukwa cholekerera? Kulekerera ndiye ntchito yathu, chitsiru iwe. Mwala ungatsike bwanji osalekerera? Unalakwa chifukwa sunadikire mawu anga. Lero udikire."

Egisto anatola chingwe. Anadzikulunga nacho paphewa ndi m'chiuno.

Wezulo inalira. Apolisi anagona pa chingwe monga Amilcare ananenera, ndipo kansalu kanayamba kuyenda chala ndi chala kupita kwawo. Mphindi imodzi inatha, yachiwiri inatha. Chingwe chinkadya phewa la Egisto. Thupi lonse linkamuuza kuti nthawi yakwana, kuti akachedwa malo a mapazi awiri aja atha. Maso ake anali pa milomo ya Amilcare, ndipo milomoyo inali yotseka. Anadikira.

"Lekani!"

Phazi limodzi, lachiwiri. Chingwe chinafewa mwadzidzidzi, ndipo apolisi atatu akutsogolo anakhala m'matope, wachinayi n'kuwagwera pamwamba.

"Gwira!"

Egisto anaima. Kulemera kwa anzake asanu ndi awiri kunamukokera kutsogolo, koma phazi lachitatu silinanyamuke. Kansalu kanaima patatsala zala zinayi kuti kafike pa mzere. Amilcare atati kokani, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo amuna a m'phiri anakoka, ndipo anawakwekwereza apolisi aja ngati matumba a ufa.

Anyamata a malupanga analumpha mpanda, magolovesi ndi matope omwe. Ngakhale eni dziko anaimirira n'kuwomba m'manja. Egisto anali chigwirire chingwe, misozi ikusakanikirana ndi mvula, mpaka woyimbira anachita kubwera kudzamumasula zala.

Sindikuuzani kuti anabwera ndi golide. Tsiku lotsatira, pa ndime yomaliza, anagonja kawiri motsatizana kwa anthu amene anali ataona kale nzeru yawo, ndipo manja anali mabala okhaokha. Anakhala achiwiri. Kwa anthu amene sabata yapitayo sankadziwa malamulo a masewerawo, ife timati n'zokwanira, ndipo timayenda nazo mutu uli m'mwamba.

Mamendulo ankawaperekera pa nsanja yaitali ya matabwa, kumene kunakhala akuluakulu. Amilcare anakwera yekha, pang'onopang'ono, akukana aliyense womugwira. Potsika ndiye panali nkhani. Masitepe anali otsetsereka, onyowa, opanda pogwira, ndipo mwendo wopindika umavuta potsika kuposa pokwera. Anaima pamwamba n'kuyang'ana pansi, bwalo lonse likumuona. Oreste anatambasula dzanja.

Amilcare anamupatsa ndodo m'malo mwa dzanja. "Tenga iyi, utsogole."

Kenako anatembenuza mutu pang'ono. "Egisto, mwana wanga, bwera kumbuyo kwangaku. Gwira lamba. Unditsitse."

Egisto anagwira lambayo ndi zala zake zomangidwa nsanza. Amilcare ankati leka, iye n'kulekerera sitepe imodzi, ankati gwira, iye n'kugwira. Anatsika choncho masitepe onse makumi awiri ndi awiri, mkulu patsogolo, kulemera kwake konse kuli m'manja mwa munthu amene anamulumaza. Atafika pansi Amilcare sanafunse ndodo. Anayenda atatsamira phewa la Egisto mpaka kunja kwa bwalo.

Ndakuuzani nkhaniyi chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu munalakwitsa zenizeni, osati zonamiziridwa, ndipo pali munthu amene akuvutika lero chifukwa cha inu. Zimene zinachitika simungazibweze. Egisto mwendo uja sanauwongole. Koma anapirira zaka zisanu ndi ziwiri pa ntchito yonyozeka, anabwera pa mayeso osaitanidwa, ndipo atauzidwa cholakwa chake chenicheni anamva n'kusintha. Inunso musathawe. Gwirani ntchito imene ilipo, pitirizani kuonekera ngakhale sakupatsani moni, ndipo tsiku limene wina adzakupatsaninso chingwe, akakupezeni muli okonzeka. Musataye mtima, abale anga. Kulakwa kwanu si mawu omaliza.