Pawatila ya Bambo m'Matope a ku Wovwe

"Ukulirira chitsulo ngati wamwalira mwana wako! Manyazi ulibe iwe?"

Anali achimwene anga aakulu amenewo, ataima pamzere wotchinga madzi m'munda wawo wa mpunga ku Wovwe, buluku atapinda mpaka m'mawondo, akukweza mawu kuti a m'minda yoyandikana amve bwino. Ine ndinali nditagwada m'matope pambali pa pawatila yanga, chala chili pa mng'alu umene unadutsa pa hedi, chitsulo chotseka kumutu kwa injini. Sindinkalira. Sipanala imene inali m'thumba ndinaitulutsa n'kuiponya patali dala, chifukwa mtima wanga ndimaudziwa.

Kwa amene simuidziwa, pawatila ndi thirakitala yaing'ono ya mawilo awiri. Munthu amayenda pambuyo pake atagwira zigwiriro, monga achitira ndi pulawo ya ng'ombe. Yanga inali ya makedzana, ya gulu lija linabwera minda ya mpungayi ili yatsopano. Malemu bambo athu anaigula itatopa kale, n'kulimira nyengo zingapo, kenako inazima osadzukanso. Anaikankhira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndipo inakhala pamenepo ine ndili ku pulayimale mpaka ndinamaliza Fomu 4, mpaka ndinakwatira. Nkhuku zinkaikira mazira pansi pake. Alamu anga, akazi a achimwenewo, ankamangirirapo mbuzi.

Bambo atamwalira, pogawa katundu panali phokoso la ng'ombe, la njinga, ngakhale la malata akale. Za pawatila palibe anatchula. Ine ndi amene ndinafunsa, ndipo achimwene anayankha osacheuka n'komwe: "Tenga, yatitopetsa ndi njoka." Anthu analipo, anamva. Lero onse akuti sakukumbukira.

Ntchito yanga ndi yokonza njinga zamoto za kabaza pamsika. Imeneyo ndi ya mimba. Ya mtima ili kunyumba, m'kashedi ka malata: injini ya chigayo imene ndinaikumba m'chulu ku Lupembe, mapampu a madzi amene eni ake anawataya, kamakina kotchetchera kapinga, injini ya boti yopanda chivundikiro. Sindigulitsa. Ndimazichotsa dzimbiri, ndimazidzutsa, ndimazimvetsera zikulira, basi. Anthu a kuno zimenezi sizilowa m'mutu mwawo. Kwa iwo chinthu chosalima, chosagaya, chosanyamula munthu, n'chinyalala. Pamsika amanditcha fundi, kutanthauza mmisiri, njinga ikawavuta, ikayenda amati uja wa zitsulo uja mutu suli bwino.

Pa zonsezo pawatila ndi imene inandidya zaka. Pisitoni inali itamatirira ngati anaiumbira momwemo. Ndinaithira parafini ndi oyilo wakutha n'kuisiya miyezi, m'mawa uliwonse ndikuigogoda pang'ono ndi chipika cha mtengo ndisanapite kuntchito. Ukaimenya ndi hamala yatha. Maling'i ake, timikombero tozungulira pisitoniyo, ndinachita kuwolokera ku Kyela, kutsidya kwa malire, kwa fundi wina wokalamba amene anandiyendetsa m'mulu wa zitsulo tsiku lonse tikulankhulana Chiswahili changa chothyokathyoka. Iyeyo ndi amene anandichenjeza kuti china chilichonse chikhoza kupezeka kapena kusulidwa, koma hedi ya mtundu umenewu kulibenso, ndipo chitsulo chake sichigwira kuwotcherera. Za masiku ano zimene zadzaza m'masitolo sizikwana, mabowo a mabawuti ndi osiyana.

Tsiku limene inalira koyamba, utsi wakuda unadzaza bwalo, nkhuku zonse balala. Mkazi wanga anatuluka m'khitchini akutsokomola, akuseka. Ndinaipaka penti yofiira. Loweruka ndinkaitulutsa, n'kutembenuza nayo kadimba ka masamba kuseri kwa nyumba, n'kuipukuta, n'kuibweza. Kuyambira pamene inalira, inasintha dzina. Sinalinso ya njoka. Inakhala "pawatila ya bambo."

Injini imeneyi ili ndi khalidwe lake. Pamwamba pake pali thanki ya madzi yotsegula ngati mphika. Ikamagwira ntchito madziwo amawira n'kumatha, ndiye munthu umayenera kumayang'anamo n'kumawonjezera pang'onopang'ono asanaphwe. Ukaiwala, madzi n'kuphwa, chochita n'chimodzi: zimitsa, khala pansi, dikira izizire yokha. Mwana akhoza kumva zimenezi. Koma zimafuna munthu amene amakhulupirira kuti pali zina zimene sadziwa.

Chaka chimenecho ng'ombe imodzi ya achimwene yolimira inafa, inatsala imodzi, ndipo mbande za mpunga pa nazale zinali zikupitirira msinkhu wowokera. Vuto linalipo, sindikukana. Anabwera kwanga m'mawa, osakhala n'komwe pampando umene mkazi wanga anawapatsa.

"Ndabwera kudzatenga pawatila ya bambo."

"Bambo anasiya chisa cha nkhuku," ndinatero. "Pawatila ndi yanga."

"Iwe, ukuyankha ine?"

"Ndikuyankha inu, achimwene. Siipita m'matope. Ndi nkhalamba, ikathyoka palibe kokagula."

"Ndiye ntchito yake n'chiyani? Kuionera ngati kanema?"

"Eya."

Ena amati ndikanangopita kukawalimira ndekha. Sanandipemphe zimenezo. Munthu wopempha amakhala pansi. Iwo anabwera kudzatenga, ndipo anachoka akunena kuti tiona.

Patapita masiku ndinapita ku boma kukagula zipangizo za njinga. Handulo yolizira injini ndinaiika m'chikwama n'kupita nayo, poganiza kuti ndachenjera. Ndinaiwala kuti handulo ya pachigayo cha pafupi imakwana. Pobwera masana ndinapeza shedi ili pululu, loko ali lende, mizere ya matayala ikulowera kumsewu wa kuminda. Mkazi wanga anali ataima pakhomo, manja atapinda.

"Kiyi wawapatsa ndiwe?"

"Ndikanawakaniza bwanji alamu? Ng'ombe za malowolo anga zinatuluka m'khola la ndani?"

Kuno mkazi sangatseke chitseko pamaso pa mkulu wa mwamuna wake, ndipo achimwene ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake anadikira kuti ndichoke. Ndinakwera njinga.

Ndili patali ndinadziwa kuti zaipa, chifukwa kunali zii. Pawatila inali pakati pa munda, yopendekeka, matope mpaka m'ma akiselo a mawilo, penti ya pa injini itapsa n'kuda. Munda unali utalimidwa theka. Waganyu amene ankaiyendetsa anali atathawa atangoona njinga yanga. Amene anandifotokozera ndi mayi wina wa munda woyandikana, akuwokera mpunga wake osaweramuka. Akuti inayamba kununkha, kenako kufuka, waganyu n'kunena kuti tiyeni tiizimitse. Achimwene anati ayi, dzuwa likupita. Anatenga ndowa, n'kutunga madzi ozizira m'ngalande, n'kukhuthulira onse pa injini yotentha, monga amachitira ndi ng'ombe ikagwa ndi dzuwa pagoli. Mayiwo anati kunamveka ngati mbale yadothi yagwa pasimenti.

Apo m'pamene ndinagwada n'kupeza mng'alu uja, ndipo apo m'pamene anandikuwira za mwana womwalira.

Ndinaimirira. "Munathira madzi ozizira."

"Nanga chinthu chikapsa amathira chiyani? Moto?"

"Munafunsa ndani?"

"Ndifunse ndani pa katundu wa bambo anga? Iwe unabadwa ine ndikulima kale."

"Mukulima ndi ng'ombe, achimwene. Ndipo nayonso mwaipha."

Wina m'munda wa kutsidya anaseka, n'kudzibweza msanga. Achimwene anatsika pamzere paja n'kulowa m'matope, chala chili kumaso kwanga.

"Chinali chowola kale ichi. Unangochipaka penti kuti uzinamiza anthu. Chikanakhala chamoyo sichikanafa ndi madzi. Madzi anapha ndani?"

"Chinali chamoyo m'mawa uno."

"Ndiye uchidzutsenso, si ndiwe fundi? Sukulu yonse ija bambo anagulitsira ng'ombe, phindu lake ndi kutola zinyalala m'midzi ya eni. Anzako ali m'maofesi."

"Inu anakugulitsirani zingati, n'kubwerera pa Sitandade 5?"

Zinafika poipa. Tinasiya Chichewa chimene iwo anayambira pofuna kuti ngakhale aganyu obwera amve, tinalowa m'Chitumbuka, ndipo zimene tinanenana m'menemo sindilemba. Anatchula malowolo. Ndinatchula malata a nyumba ya amayi amene anakafolera khola lawo. Anandigwira malaya, ine n'kuwagwira dzanja, ndipo ndinamva kuti ndi dzanja la munthu wokalamba, lopepuka. Ndinalisiya. Anthu anali atasiya kuwokera, aimirira m'minda mwawo ngati akakowa, palibe woleretsa. Anthu a kuno ndewu ya pachibale amaikonda kuposa mpira.

Achimwene atapuma, analankhula motsitsa.

"Mawa ndi tsiku langa lolandira madzi a m'ngalande. Chinthu chakochi chanditsekera munda. Ndawaimbira kale anyamata ogula zitsulo aja, abwera ndi lole mawa dzuwa likakwera. Achiphwanye, achiike pasikelo, ndipeze yobwerekera ng'ombe. Chithandizeko banja kamodzi."

Anyamata amenewo ndimawadziwa. Amayenda m'midzi ndi sikelo ndi hamala yaikulu, ndipo kwa iwo injini ndi mphika wobooka n'chimodzimodzi, kusiyana kulemera. Ndakhala ndikulimbirana nawo zinthu zaka zonsezi. Kangapo ndafika pakhomo pa munthu n'kupeza injini yabwinobwino ili zidutswa, iwo akukweza.

"Mukagulitsa, ine ndi inu tathana," ndinatero.

"Unayamba liti kukhala m'bale? M'bale amamana mkulu wake mbande zikufa?"

Anatola ndowa yawo ija n'kumapita. Ndinayesa kuikankha pawatila ndekha, koma matope a mpunga akagwira sataya, ndipo injini yakufa siithandiza. Ndinapempha amuna awiri a m'minda yapafupi. Wina anati msana, wina anati nkhani za pabanja salowerera. Wa ngolo amene ndinamupeza pamsewu anati ng'ombe zake zatopa, koma ndinaona kuti akuopa achimwene, amene ali m'komiti yogawa madzi. Ndinafufuza sipanala yanga ija m'matope mpaka ndinaipeza, n'kubwerera kunyumba.

Madzulo amenewo mkazi wanga anandiikira madzi osamba, ndinasamba. Anati mwina tipite kwa atsibweni akatikhazike pansi. Ndinati atsibweni akamadzamaliza kutsokomola ndi kupereka moni, pawatila idzakhala ili pa lole. Ndipo ndikudziwa chimene akananena: wamkulu salakwa, chitsulo sichiposa magazi, pepesa. Mawu amenewo ndawamva moyo wanga wonse, ndipo nthawi zonse wopepesa ndimakhala ine.

M'mawa mwake, kunja kutangoyamba kuyera, ndinatenga bokosi la masipanala ndi wilibala. Sindinamuuze mkazi wanga kuti anditsate, koma nditacheuka panjira ndinamuona akubwera, beseni lalikulu lochapira lili pamutu.

Chimene sichituluka chathunthu chimatuluka chiduswachiduswa. Bawuti iliyonse pa makina amenewo ndinaimanga ndine, ndiye sinandivute. Ndinachotsa malamba, thanki ya dizilo, zigwiriro, mipeni yolimira. Mabawuti ndi tizitsulo ting'onoting'ono ndinkaponya m'beseni, iye n'kumakatula kumsewu. Injini ndinaimasula pa chimango n'kuigubuduzira pathabwa mpaka pamzere. Giyabokosi inatsala pang'ono kundithyola msana. Itapepuka, chimango ndi mawilo tinazikoka awiri, iye kutsogolo ine kumbuyo, tikuterereka, chitenje chake chili matope okhaokha. Pamene madzi ankayamba kulowa m'ngalande ya achimwene, m'munda mwawo munali mutatsala maenje awiri ndi banga la oyilo. Maulendo a wilibala ochoka kumsewu kupita kunyumba sindinawawerenge. Lole ya anyamata aja tinakumana nayo panjira, ndipo woyendetsa anachepetsa liwiro n'kusuzumira m'wilibala. Ndinamuyang'ana mpaka anapitirira.

Zonse zitalowa m'shedi, ndinamasula hedi yosweka ija, n'kuimanga pakaliyala ya njinga, n'kupita nayo kwa achimwene. Iwo anali atapita kale kumunda. Alamu anali akusesa pabwalo. Ndinaitula pakhonde, pakhomo penipeni, moti simenti inatekeseka.

"Alamu, chimenechi n'chiyani?"

"Gawo la amuna anu. Akabwera a sikelo awapatse."

Ndinabwerera kunyumba, ndinathira parafini m'beseni, n'kukhala pansi kuyamba kutsuka matope m'mabawuti, imodziimodzi.