Mtundu wa Ketulo ya Pulasitiki

Ndinali mmisiri wa malata ku Kanyama. Zidebe, mbaula, maketulo. Maketulo onse osambira pa mzikiti wathu ndinasula ndine. Boma litasintha, malire anatseguka, ndipo pulasitiki inalowa ngati dzombe. Lachisanu lina ndinapeza maketulo ofiira ndi obiriwira atandandalikidwa pampopi wa mzikiti. Anga anali kuseri, nkhuku zikumweramo. Mzikiti ndiwo unali kasitomala wanga womaliza.

Mwana wanga wamkazi ankaphunzira za mankhwala ku yunivesite. Nthawi imeneyo anali pakhomo, sukulu itatsekedwa chifukwa cha sitiraka. Tsiku lonse ankajambula timizere ndi mivi papepala. Ndinamufunsa kuti ndi chiyani.

"Atate, amatipatsa chinthu, ife tipeze njira yochipangira. Timayambira kumapeto. Ichi chinabadwa kwa yani? Nanga uyo kwa yani? Mpaka tifike pa chimene tili nacho m'manja."

Zimenezo ndinazimva. Mtundu wa munthu timaufufuza choncho asanakwatire. Ndinabwereka ketulo yofiira kwa aneba n'kuiika patebulo.

"Ndiuze makolo a ichi."

Anajambula. Mayi wa pulasitiki, anati, ndi mpweya wina wotchedwa etini. Mpweyawo uli ndi mbali ziwiri zomangidwa ndi zingwe ziwiri. Chingwe chimodzi chikamasuka, umagwira mnzake, mnzakeyo n'kugwira wina, mpaka chidebe.

"Nanga mpweyawo?"

"Njira imodzi, mutenge mowa waukali, muthire asidi, mutenthe. Madzi amachoka, mpweya umatsala. Mukaubwezera madzi, ubwerera kukhala mowa. Koma atate, kufakitale..."

Sindinadikire za kufakitale. Ndinapinda pepala n'kuvala chipewa.

Akuluakulu a mzikiti ndinawauza mwachidule. Ketulo imene mukusambira musanapemphere ndi mdzukulu wa kachasu. Umboni ndi uwu. Pepala linayenda m'manja mwa anthu asanu, awiri analigwira chadodolido. Wina ananunkhiza ketulo n'kunena kuti kafungo kalipodi. Wina anati n'chifukwa chake amasinza pa ulaliki masiku ano. Maketulo anatsekeredwa m'stolo, ndipo ine anandiuza kuti ndikonzekere kusula khumi. Koma shehe anati mwini pepala abwere ayankhe yekha.

Mwana wanga anabwera Lamlungu masana, atafunda bwino, n'kukhala pamphasa pakhonde. Anafotokoza sitepe ndi sitepe, muvi uliwonse. Kenako ananena chimene ndinachithawa: kufakitale mpweyawo amautenga ku mafuta a pansi, abale ake a petulo. Njira ya mowa ndi ya m'kalasi.

"Manje iyi ketulo," anafunsa shehe, "ingabwelele kunkala moba?"

"Papepala ingabwerere, ba Shehe. Masitepe awiri. Koma pampopi apa, olo muidikire zaka zingati, ayi."

Ndinaimirira. Ndinati mtundu ndi mtundu, ngakhale wa papepala. Munthu sakana agogo ake chifukwa amakhala kutali. Ena anagwedeza mitu kuvomera. Ndinali nditapambana.

Pamenepo mkulu wina, telala wa ku Chawama amene sitinkamwerana madzi, anatokosola m'mano n'kuti, "Mwana wanga, iyi nzelu yoyambila kumapeto ni yabwino. Tiyeseko pali ketulo ya batate bako. Inabadwa kuli ndani?"

Mwana anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana denga. Ndinamulera kuti asamaname, ndipo tsiku limenelo ndinadandaula.

"Ku migolo," anatero motsitsa mawu.

"Migolo ya vichani?"

"Imene atate amagula kuseri kwa tharaveni."

"Masitepe yangati?"

"Imodzi."

Telala anapita kuseri, nathamangitsa nkhuku, nabwera ndi ketulo yanga. Anaitembenuza. Pansi pake zilembo zitatu za dzina la mowa zinkaonekabe. Utoto umene ndinapakapo unali wotsika mtengo.

Shehe anagamula kuti mdzukulu wa papepala ndi wabwino kuposa mwana wobadwa m'nyumba ya mowa. Stolo inatsegulidwa.

Kunyumba ine ndi mwana sitinalankhulane masiku atatu. Lachinayi ndinamufunsa funso limodzi: pulasitiki imeneyi ikaona moto imatani? Anati zingwe zake zimafewa, zikazizira zimagwiranso. Ndinatenthetsa chitsulo changa chowotcherera pambaula n'kumata chidebe chong'ambika cha aneba. Chinagwira.

Maketulo a pa mzikiti anayamba kung'ambika mvula isanagwe. Onse anabwera kwa ine. Telala nayenso anabweretsa yake yakunyumba, ndipo ndinaisunga milungu itatu.