Chala changa m'bowo la mfuti ya bambo

Bambo anga ali ndi mfuti yaing'ono ya m'manja, ya mtundu uja wa silinda yozungulira ya mabowo asanu ndi limodzi. Imakhala yokiyidwa m'besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba yathu ku Oshawa, kuno kutsidya kwa nyanja, ndipo imatuluka Loweruka lokha, akamapita kukalabu kukaombera mapepala. Sanaphepo ngakhale njiwa.

Zipolopolo amaumba okha ndi mtovu, ndipo vuto linayambira pamenepo. Akaombera kangapo, mtovu unkamatirira m'kati mwa mpope wa mfutiyo, zipolopolo n'kumapita kumene zafuna. Mkulu wina wa kukalabu anawauza kuti mabowo a silinda anali othina, choncho ankafinya chipolopolo chisanafike mumpope. Mankhwala ake anali kukuza bowo lililonse pang'ono kwambiri, ndi sandipepala wokulunga pa kamtengo. Koma anawachenjeza kuti chitsulo ukachipala sichibwerera. Mfuti ina sakanagula, chifukwa malamulo a kuno salolanso.

Bambo anakhala milungu itatu akuiyang'ana silindayo. Kenaka anati nkhani yosabwezeka munthu sagamula yekha ali ndi mkulu wake. Anaimbira bambo aakulu a ku Dedza, amene mfuti yotere sanaigwirepo, natsamiritsa foni pa chitini cha misomali kuti aziona zonse.

Ine anandiitana chifukwa ndimalemba bwino ndipo sindiyankhula. Ntchito yanga inali kudontheza kyutekisi wofiira wopaka m'zikhadabo pambali pa bowo lililonse lomwe latha. M'kope langa ndinalembanso kuti bowo loyamba ndi la pafupi ndi kachipsera kooneka ngati nsidze.

Silinda inali itachotsedwa pa mfuti, ili pa thaulo lakale la amayi. Bambo ankapala pang'ono, n'kuyesa kukankha chipolopolo ndi pensulo. Chikadutsa mosavuta, bowo latha.

"Iwe, ukufulumira," anatero bambo aakulu. "Ukupala ngati ukupala moto kwa eni."

"Achimwene, ndikuwerenga. Kakhumi basi."

"Kuwerenga iwe? Sitandade faifi unabwereza kawiri."

Mabowo asanu anatha bwino. Apa bambo aakulu anayamba kulongosola kuti limodzi lisiyidwe momwe linalili, poti ngakhale chimanga sudya chonse, umasiyako mbewu. Bambo ankangoti "Inde, achimwene," uku akupukuta silinda ndi kansanza konyowa ndi mankhwala otsukira. Ndinaona madontho anga onse asanu akuchoka. Iwo sanaone. Anatembenuza silinda kawiri, nalozetsa kamtengo pa bowo la pafupi ndi kansidze, lomwe linatha kale.

Ndinadziwa kuti akalipalanso likula mopitirira, ndipo mfuti yawo yatha. Koma bambo aakulu anali pakati pa mawu, ndipo kwathu mwana sadula mawu a akulu. Chichewa changanso chimathawa ndikachita mantha. 

Ndiye ndinangolowetsa kachala kanga kakanise m'bowomo.

Kanalowa bwinobwino. Kutuluka ayi.

"Mwanawe, watani?" anafunsa bambo.

"Wachita chiyani? Sendeza foniyo, ndikungoona mimba yako!"

Ndinakweza dzanja, silinda ili lende pa chala ngati mphete ya chimphona. Inali yolemera ndi yozizira. Amayi anatsika masitepe ndi basiketi ya zochapa, naima.

"Abambo ake, mwana wanga mwamuika mumfuti?"

"Walowa yekha, mayi."

"Adzapita naye kukalabu ameneyo," anatero bambo aakulu. "Mwina iyeyo n'kulasa pepala."

Amayi anabweretsa sopo wotsukira mbale ndi madzi oundana. Ankapotokola pang'onopang'ono uku akufunsa kuti ku chipatala tikanena kuti chiyani. Bambo anagwira silinda ndi manja awiri, ndipo sindikudziwa ngati ankadera nkhawa ine kapena iyo. Ndikuganiza kuti tonse awiri.

Chala chisanatuluke, bambo anandiyang'ana, nafunsa motsitsa mawu kuti ndinachitiranji zimenezi. 

"Ili munapanga kale," ndinatero. "Latsala ndi ili."

Ndinaloza ndi dzanja linalo. Chala chitatuluka, chofiira ndi chonunkha ndimu, bambo anatenga chipolopolo n'kuchiika m'bowo la kansidze. Chinadutsa. M'bowo lomwe ndinaloza chinakakamira. Bambo anakhala pa chitini cha penti.

Bambo aakulu anatsokomola n'kunena kuti iwo anali ataona kale, amangofuna kutiyesa. Za kusiya mbewu sanazitchulenso. Bambo anapala bowo lomaliza, ine ndikuwerenga mokweza mpaka khumi.