Mfumu ya ku Russia pa Perekaniperekani

Amuna ena kuno ku Leicester amathera malipiro kubetcha mpira, ena ku mowa. Ine Mulungu anandipatsa bambo osamwa, osasuta, koma ogula ndalama zosagula kanthu. Ndimathokozabe.

Zinayamba Lamlungu lina ataweruka ku weyahausi. Anadzera kumsika kumene azungu amagulitsira zakale zawo m'mabuti a galimoto, n'kubwera ndi chipepala chachikulu ngati mpango wopukutira thukuta.

"Amayi, taonani. Ndalama ya ku Russia iyi, ya nthawi ya mafumu."

"Tikasinthitsa kuti?"

"Sisinthika. Mfumu yake anaichotsa pampando agogo athu asanabadwe."

"Nanga mwagula ndi chiyani?"

"Ndi mapaundi."

Ndinangobwerera kukhitchini kukayimba nyimbo ya chitsitsimutso.

Pa ndalamazo pali mbalame ya mitu iwiri yovala zisoti. Ndinaifunafuna m'buku la Chivumbulutso osaipeza, koma ndinazipemphererabe. Zinapitirira kuchuluka, chifukwa ogulitsa ena amagulitsa m'mitolo ngati masamba a mpiru. Nyumba zathu zomatana za ku Spinney Hill n'zachinyezi, ndipo kabati youma ndi imodzi yokha, ya pafupi ndi boila yotenthetsa madzi. Yunifomu yanga ya amayi a kumpingo inasamutsidwamo kuti mafumu akufa asamve kuzizira. Abambo ankazigwira ndi kachitsulo konga kozulira nsidze, n'kuzilowetsa m'timatumba ta pulasitiki. Ine amene ndinawaberekera ana sindinkaloledwa kukhudza. Yokondedwa kuposa zonse inali ya mfumu ya ndevu zapamlomo, yovala malaya achitsulo. Imeneyo ankaitchula kuti "akulu".

Kenako mwana wathu woyamba anapeza banja, mnyamata waulemu wa ku Nottingham, ndipo ine tulo tinatha chifukwa cha perekaniperekani. Kwathu munthu amasintha ndalama imodzi kukhala timapepala tambirimbiri, n'kuvina nyimbo yonse akuponya. Kuno yapepala yaing'ono ndi faifi paundi. Woyeretsa m'maofesi akaponya ziwiri, nyimbo isanafike pakolasi, watha, wakhala pansi. Ku ukwati wina ku Derby anthu anayesa zachitsulo, mkwatibwi anatuluka ndi chotupa pamphumi. Ku wina emusi, woyendetsa mwambo, anayika kamakina kolipirira ndi khadi m'lichero, anthu akuvina pamzere, kugunditsa, kudikira kalire, kubwerera. Abale kumudzi ataonera pa foni anafunsa ngati panali zovuta m'banjamo. Ine sindinkafuna kuti alamu anga a ku Ntcheu aonere mwana wanga atayima pansi poyera ngati wamasiye.

Nzeru inandifikira ndikusita malaya pafupi ndi kabati ija. Ndinasala kudya kaye, kenako ndinaphika nkhuku yolimba ya kwa ogulitsa nyama a pakona, ndinadikira abambo asambe m'manja kachiwiri.

"Abambo, zija zofanana zodzaza m'bokosi la nsapato, mungatibwereke? Alendo azipereka mapaundi kwa makashiya, azilandira zanuzo zoponya."

Anandiyang'ana ngati ndawapempha impso. "Amayi, zimenezija si ndalama. Ndi mbiri."

"Mbiriyo yagona mokwanira. Ivineko."

"Anthu a thukuta? Azimayi a nsapato zosongoka?"

Mwana wathu wokwatiwayo, amene amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi, tsiku limenelo anayesetsa yekha. "Adadi, chonde. Ndi ine." Mawu anayi okha, opotoka, koma bokosi la nsapato linatsika. Anaika malamulo: osapinda, osaponda, osamata pachipumi cha mkwati. "Akulu" okha anati sapita pansi, adzakhala m'thumba la jekete kuti akawaonetse asewere athu, makolo a mnyamata.

Tsiku la ukwati emusi anawerenga malamulo aja mokweza, anthu anawomba m'manja, nyimbo inayamba, ndipo malamulo anathera pomwepo. Holo yonse inadzaza mafumu ouluka. Mayi wina wosamalira okalamba ku Derby, amene sabata yonse amayenda pa basi, ankamwaza mazanamazana akutembenuza chiuno ngati mwini migodi. Mkwati anamatidwa mfumukazi yonenepa pachipumi penipeni. Abambo anayima m'mphepete ngati wapolisi wapamsewu, dzanja m'mwamba. "Pang'onopang'ono, achemwali. Phazilo, phazilo." Palibe anawamva. Ndinawaona akutola imodzi, kuiwongola pantchafu, wina n'kuwalanda poganiza kuti akuthandiza makashiya.

Akuchimuna anabwera okonzeka. Anavina, anaponya, anakagulanso zina. Itafika nthawi yathu, bokosi linali litauma, zotola zinali zisanabwerere patebulo. Tinayimirira manja ali lende, foni yoonetsa alamu a ku Ntcheu itatiloza.

"Akuchikazi mwabwera, kapena mwatsalira pa basi?" anatero emusi. "Bambo a mkwatibwi, mwanayu munamulera kapena munangomutola ku paki?"

Anthu anaseka. Mwana wathu anaweramitsa mutu. Ine ndinati, Ambuye, manyazi aja ndi awa.

Abambo anapisa dzanja m'jekete. Anatulutsa "akulu", anawasolola m'kathumba ka pulasitiki ndi zala zawo zenizeni, popanda kachitsulo. Ndiyeno munthu amene sindinamuonepo akuvina chichokereni kwathu anayamba kusuntha mapewa. Anazungulira mwana wake atakweza chipepala chija m'mwamba, kuchitsitsa, kuchikwezanso, holo yonse ikulira nthungululu. Pepala limodzi, koma analivinira nyimbo yathunthu. Pomaliza analiponya pamutu pa mwana. Linatsika pang'onopang'ono ngati nkhunda, ndipo asewere aakazi, pothamangira kudzatikumbatira, analiponda ndi chidendene chosongoka. Mfumu inabooka tsaya.

Ndinayembekezera maliro. Abambo anawerama, anaitola, anasuzumira pabowo paja ndi diso limodzi n'kuona mwana wawo akuseka ndi misozi. "Asewere," anatero, "nkhondo zonse za ku Russia munthuyu anapulumuka. Wagwa ndi nsapato ya ku Nottingham."

Mawa lake tinatolera zotsala m'thumba la zinyalala loyera. Zina zinali ndi mafuta a samusa, zina lipisitiki. Tinazipanikiza m'Baibulo langa lalikulu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaloledwa kugwira. Mzungu wina wachikulire, mnzawo wa zosonkhanitsazi, ataona "akulu" anagwira mutu, akuti mtengo wake watheratu. Abambo anawabwezera m'kathumba kawo, tsamba loyamba la buku losungiramo ndalamazi, bowo lili pomwepo. Tsopano mlendo akafika sayambanso ndi mbiri ya mafumu, amayamba ndi bowolo, ndipo tiyi amazizira nkhani isanathe.

Ku Ntcheu manyazi sanafike. Kunafika zina. Alamu anga anayimba foni sabata yomweyo, mawu atafewa ngati a mlaliki.

"Mlamu, taonera zonse. Mulungu wakudalitsani, musabisenso. Mapaundi aang'ono aja mumatitumizira ndi a ana. Ulendo uno tumizani aakulu aja, a mbalame."

Ndinawafotokozera kuti sagula ngakhale mchere. Anati amvetsa, anthu akalemera amayankhula choncho. Abambo anasankha imodzi ya mafuta a samusa n'kupatsira munthu wopita kumudzi. Ndamva kuti alamu anaiyika m'felemu pabalaza, pambali pa chithunzi cha ukwati, ndipo salola aliyense kuikhudza.